Adokotala Akuti Muzitsuka Mbale

Mutu wa a Eneya Chikaonda unayamba kuwawa chakumapeto kwa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Glasgow limangosuzumira ngati mkamwini wamanyazi n'kubwerera komwe lachokera. Unkayambira kunkhongo, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kudzamanga pachipumi ngati duku lothina. Ndipo a Eneya sanali munthu wodwala mwakachetechete. Mutu ukawagwira, fulati yawo yonse ya ku Springburn inkadwala nawo: chitseko chitsekedwe mwaulemu, wailesi ikhale chete, mkazi wawo Ketrina aziyenda monyang'ama ngati wafika pasiwa.

Ketrina ndiye anayamba kubwera kuno. Anabwera kudzaphunzira, kenako anapeza ntchito kubanki ina yoyankha mafoni a makasitomala. Tsiku lonse m'makutu mwake munkalowa Chingerezi cha anthu a mu Glasgow, chija chothamanga ngati minibasi ya ku Ndirande yomwe yaona apolisi. Poyamba ankalira nacho, koma khutu linazolowera. A Eneya anamutsatira patapita zaka, mwana wawo Daniel atalowa kale yunivesite ku Dundee. Iwo anali injiniya, ntchito ankagwirira kunyumba pakompyuta, kumalankhula ndi anzawo a ku London a Chingerezi cha m'buku. Chingerezi ankachidziwa ndithu, moti ku Blantyre ndi iwo ankakonzera anzawo malipoti. Koma cha dalaivala wa basi ya ku Springburn chinkawadutsa pamwamba. Ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, ndipo panalibe munthu pansi pano amene akanamuuza kuti sanamve.

Pamwamba pa ntchitoyo, anali mlembi wa gulu la abambo kutchalitchi, ndipo foni yawo sinkapuma. Magulu a pa WhatsApp anali nawo ankhaninkhani: la tchalitchi, la anzawo a kusekondale, la abale a kwawo ku Ntcheu kumene mkangano wa malire a munda unali utakula kuposa mundawo. Aliyense wolemba zopotoka ankayenera kuwongoledwa ndi a Eneya. Khofi ankamwa ngati madzi, madzi ankamwa ngati mankhwala. Panado atayamba kutha m'nyumba ngati mtedza wokazinga, Ketrina anati basi, tiyeni kuchipatala.

Dokotala wake anali mkulu wina wadazi, wofiira masaya, wobadwira n'kukulira mu Glasgow momwemo. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawaunika m'maso ndi katochi, anawafunsa mafunso amene Ketrina ankawabwereza chapansipansi m'Chichewa ngati akungodzilankhulira. Kenako anawadina m'khosi ndi m'mapewa, a Eneya n'kudumpha pampando.

"Kodi ndichira?" anafunsa a Eneya m'Chingerezi chawo chosita bwino.

"Aye," anatero dokotala.

Nkhope ya a Eneya inagwa. Ketrina anawatsina pantchafu.

"Sakuti ayi," anawanong'oneza. "Kuno akatero ndiye kuti eya. Muchira."

"Ndikudziwa zimenezo," anatero a Eneya, akusisita pomwe anatsinidwapo.

Apo dokotala anatsegula mpopi. Analankhula, analoza khosi, anatukula mimba yake kusonyeza kapumidwe, anaseka yekha nthabwala yake, a Eneya n'kusekanso mochedwerapo. Atatuluka, anakaima podikirira basi, mphepo ikulowa m'majekete.

"Mwamva zonse zija?" anafunsa Ketrina.

"Ndamva. Koma tabwerezani, ndione ngati inu mwamva bwino."

Ketrina anabwereza mokhulupirika. Anati m'mutumo mulibe choopsa, magazi akuyenda bwino, maso ali bwino. Vuto ndi nkhawa, komanso kukhala pampando tsiku lonse khosi lili zyoli ngati nkhuku ya chitopa.

"Akuti minofu ya m'khosi yauma, ndiyo ikukoka mutu. Panado wa tsiku ndi tsiku musiye, chifukwa akachuluka nayenso amabweretsa mutu womwewo. Madzi muzimwa, khofi muchepetse. Mukamva kuti wayamba, mukhale pansi, mukoke mpweya m'mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba itukuke, n'kuutulutsa mosathamanga. Muziika kansalu konyowa kozizira pachipumi, kapena thaulo lofunda pakhosi. Pakompyutapo muzidzukapo, muzipendeketsa khosi uku ndi uku. Madzulo muziyenda, ndipo foni izigona msanga kuposa inu. Mutu ukasintha kawawidwe kapena ukakula, tibwerere msanga osadikira tsiku lomwe atipatsa."

"Ndi zomwe ndamvanso ine," anatero a Eneya.

Atafika kunyumba anavula nsapato pakhomo pomwepo, anadziponya pa sofa, natseka maso.

"Mayi a Daniel, katiyi. Khofi atiletsa."

Ketrina analowa kukhitchini. Musinki munali mbale za dzulo madzulo, makapu a m'mawa, ndi poto wa nyemba wopserera pansi. Nthawi yokwera basi ya kuntchito inali itayandikira. Iyenso mtsempha wa pambali pa diso unkagunda, monga unkachitira masiku ambiri, koma wake mutu unalibe woupatsa ulemu. Ankangoumezera panado kuntchito, n'kubwezeretsa zomvera m'makutu. Anaima pamenepo akuyang'anitsitsa poto uja, ndipo ndi pomwepo pamene kamzimu kena kanamutera palilime.

"Bambo a Daniel," anaitana, "pali china ndinaiwala."

"Chiyani?"

"Akuti manja muziwaviika m'madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo. Akuti kufundako kumatsitsa magazi kuchoka kumutu."

"Ndiye mundibweretsere beseni."

"Ayi, akuti kungoviika chabe sikugwira. Zala zizikhala ndi chogwira, zizizungulira. Anatchula mbale."

Kunja basi inadutsa. Ketrina anagwira mpweya, kudikira kuti amuseke kapena amukalipire. Akanaseka, iyenso akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Eya," anatero a Eneya patapita kanthawi. "Mawu a mbale aja ndinawamvadi."

Ketrina anatsegula firiji n'kulowetsamo mutu kuti kuseka kusamveke.

A Eneya anali munthu woti akalamulidwa ndi wophunzira mnzawo, salumpha mzere ndi umodzi womwe. Madzulo omwewo Ketrina pobwera kuntchito anawapeza atapinda malaya, akuyesa madzi ndi chigongono ngati akufuna kusambitsa khanda. Mbale iliyonse ankaizunguliza ndi siponji kulowera kumanja, kenako kumanzere, kwinaku akukoka mpweya m'mphuno mimba n'kumatukuka. Poto wa nyemba anamukwecha mpaka anawala.

"Ndikumva ngati zikutsikadi," anatero osatembenuka.

"Dokotala ameneyu amadziwa ntchito yake," anayankha Ketrina, n'kuthawira kuchipinda.

Zoona zake, malangizo enieni aja anawatsatanso. Pambali pa kompyuta anaikapo botolo la madzi. Pakati pa ntchito ankadzuka n'kuima pawindo, khutu kulowera kuphewa ili, kenako ilo, ngati nkhunda yomvetsera. Mutu ukayamba kunong'ona kunkhongo, ankanyowetsa thaulo m'madzi otentha, kulifinya, n'kuliyala pakhosi. Foni ankaitsekera m'dirowa akatha kudya, ngakhale masiku oyamba ankangozungulira dirowalo ngati galu pakhomo la butchala. Abale a ku Ntcheu anakangana okha za munda uja, ndipo dziko silinathe.

Kuyenda kwa madzulo ndiko kunawavuta poyamba. Ankati munthu wamkulu sangamayende popanda kopita, anthu angamuyese wosokonezeka. Koma tsiku lina pamasitepe anakumana ndi Dave, mkulu wa fulati ya pansi, amene anapuma ntchito ya sitima ndipo ankatulutsa galu wake wokalamba madzulo aliwonse kupita ku paki. Dave mkazi wake anali atamwalira, ndipo mawu onse amene akanawalankhula kunyumba ankayenda nawo m'kamwa kufuna wowatsanulira. Anapeza munthu wogwedeza mutu osamudula. Kuyambira tsikulo awiriwo ankatuluka limodzi, kaya mvula kaya mphepo.

"Mumakambirana chiyani ndi Dave?" anafunsa Ketrina.

"Zambiri," anatero a Eneya. "Ndi munthu wozama."

Ketrina akanalekera pa mbale, mwina Mulungu akanangoyang'ana kumbali. Koma munthu akalawa uchi sabweza chala. Loweruka lina, ataona mulu wa zovala pampando, anakumbukira kuti dokotala anatchulanso kusita. Anati kukankha simbi kutsogolo ndi kumbuyo kumamasula mapewa. Sabata yotsatira anakumbukira zoyanika zovala, poti kukweza manja m'mwamba kumawongola msana. Kenako kunabwera kukwera masitepe utanyamula majumbo a kugolosale, limodzi mbali iyi, lina mbali iyo, kuti thupi lilingane.

"Munthu uja analankhula zambiri," anatero a Eneya, akupukuta thukuta.

"Munaona nokha mmene anathamangira."

Chomaliza chinamuchititsa manyazi ngakhale iye mwini. Anati dokotala ananenanso kuti kusisita munthu wina m'mapewa kumatsitsa mtima wa wosisitayo. A Eneya anamukhazika pampando wa kukhitchini, anapaka mafuta m'manja, nayamba kumukanda pakati pa khosi ndi phewa, zala zazikulu zikukwera mpaka kunkhongo, kenako n'kudzazungulira pang'onopang'ono m'mbali mwa maso. Ketrina anafuna kuseka, koma m'malo mwake anamva misozi ikubwera. Sankakumbukira kuti munthu anamugwira liti chotero. A Eneya anangopitiriza, mpaka mutu wa Ketrina unagwera kutsogolo ndi tulo.

Tsopano madzulo iye anali ndi nthawi. Amuna ake akakhala pasinki, ankadzithirira tiyi wa jinja, kuika mapazi pampando, kansalu kozizira pachipumi, n'kumapuma kapumidwe kaja ka dokotala. Mtsempha wa pambali pa diso unasiya kugunda. Popemphera ankati, "Ambuye, mukudziwa kuti ndanama, koma onani zipatso zake." Ndipo ankalonjeza kuti aulula sabata ya mawa.

Chimene sanachiganizire n'chakuti a Eneya akachira sasunga nkhani m'thumba.

Lamulungu lina mapemphero atatha, anthu ali muholo kumwa tiyi, Misozi, mkazi wa a Dunstan a m'gulu la abambo lija, anamukoka dzanja mpaka kuseri kwa mipando yosanjikiza.

"Achemwali, dokotala wanu uja ali kuti? Ndikufuna ndikamupatse nkhuku."

"Dokotala uti?"

"Simukudziwa? Dzulo kugulu la abambo amuna anu apereka umboni. Aima kutsogolo, akuti Mulungu wawachiritsa kudzera m'madzi ofunda. Afotokoza zonse, mpaka kuonetsa kagwiridwe ka siponji. Ndiye a Dunstan abwera kunyumba akuti nawonso mutu umawavuta. Usiku wathawu atsuka mbale, achemwali! Munthu woti kuyambira ukwati sankadziwa komwe sopo amakhala. Ndamva a Tadeyo nawo asita mayunifomu a ana onse."

Ketrina anayang'ana mbali ina ya holo. A Eneya anali ataima pakati pa abambo, kapu kudzanja lamanzere, dzanja lamanja likuzungulira mumlengalenga ngati lili ndi mbale.

"Misozi," anayamba, "nkhani imeneyi..."

Misozi anamuyang'ana m'maso, nayang'ananso. Kenako kuseka kunayamba kumutuluka m'mbali mwa milomo.

"Ayi, musanene," anatero, akutseka makutu. "Ine sindinafunse kanthu, inu simunandiuze kanthu. Dokotala wanena, wanena."

Kuyambira tsikulo sabata ya mawa yoululira ija inasowa. Akanaulula bwanji, munthu ataima kale pamaso pa abambo anzake? Ndipo tsiku lobwerera kuchipatala linkayandikira. Ketrina anayesa njira zonse. Anati poti mwachira, tisawatayitse nthawi madokotala, odwala ndi ambiri. A Eneya anati munthu wakuthandiza umakamuthokoza. Anati ndiye ndikakulankhulirani ine, inu mukangokhala. A Eneya anati pakamwa ali napo. Anati mwina sandilola kuntchito. A Eneya anati adikira tsiku lomwe amulole, chifukwa popanda womasulira wawo sangapite.

Anapita m'mawa wina kukuwaza kamvula. Dokotala yemwe uja anawalandira, nawafunsa kuti mutu uli bwanji.

A Eneya anakhala tsonga, anakonza kolala, nayamba m'Chingerezi chodekha ngati akuwerenga lipoti pamsonkhano. Anati mutu umabwera patalipatali tsopano, ndipo ukabwera sukhalitsa. Anati madzi akumwa, khofi ndi wa m'mawa yekha, kupuma akupuma monga anaphunzitsidwa, ndipo madzulo aliwonse akuyenda. Dokotala ankagwedeza mutu mokondwa, zala zili pakompyuta.

"Ndiponso," anapitiriza a Eneya, "mbale ndikutsuka m'madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo, monga munanenera."

Zala za dokotala zinaima.

"Zovala ndikusita, kuti mapewa amasuke." Apa anatembenuka pang'ono kuyang'ana Ketrina. "Ndikuyanika, kuti msana uwongoke. Majumbo ndikukwera nawo masitepe, limodzi mbali iyi, lina mbali iyo. Ndipo mkazi wanga ndikumusisita m'mapewa, kuti mtima wanga utsike. Palibe chomwe ndasiya pa zonse munalamula."

Dokotala anatsitsa magalasi mpaka kunsonga ya mphuno. Anayang'ana a Eneya, anayang'ana Ketrina, amene anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pa chikwama chake. Kenako masaya ake anafiira kuposa kale, ndipo analankhula mothamanga, mawu akugundana ndi kuseka. Ananena kuti iye pa zaka zonse za ntchito yake sanalemberepo munthu mbale, ndipo akanadziwa kuti n'zotheka, mkazi wake akanamuyamba iyeyo kalekale.

A Eneya anatembenukira kwa Ketrina, nkhope ili phee ngati ya m'busa pa mgonero.

"Mayi a Daniel, tamasulirani. Akuti chiyani adokotala?"

Ketrina sanachotse maso pa chikwama chake.

"Akuti... akuti mupitirize."

"Basi? Koma alankhula zambiri."

"Akuti mukuchita bwino."

"Za akazi awo sananenepo kanthu?"

Ketrina anadzutsa mutu. Asanayankhe, a Eneya anabwerera kwa dokotala n'kumuyankha, osati m'Chingerezi chosita chija ayi, koma m'chija cha Dave, chomeza mawu, chokwera kumapeto. Anamuuza kuti asadandaule, mkazi wake sadzamva kwa iwo. Dokotala anaseka mpaka anatsokomola. Atapeza mpweya anati zonse zenizeni zija azipitirize, ndipo zinazo, iye saona choipa, koma akakambirane okha kunyumba.

Panja kamvula kanali kakuwazabe. A Eneya anadutsa podikirira basi osaima, manja m'matumba, kulowera njira yokwera ku paki. Ketrina ankawatsatira pambuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Anayenda chotero mpaka pachipata.

"Munadziwa liti?" anafunsa potsiriza.

"Kalekale. Khutu likamayenda ndi Dave madzulo aliwonse limatseguka lokha. Tsiku lina ndinamufotokozera mankhwala anga onse, ndikunyadira. Anaseka mpaka kukhala pansi pa benchi yonyowa. Galu mpaka anauwa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimafuna ndikuoneni mukutuluka thukuta pamaso pa dokotala. Ndipo ndakuonani." Anaima, natembenuka, ndipo nthabwala inali itachoka pankhope pawo. "Koma mwandichititsa manyazi, Mayi a Daniel. Umboni uja ndinapereka ndisanadziwe. Ndinaima pamaso pa abambo, ndi Baibulo m'manja. Mwandisandutsa chidole."

"Ndalakwa," anatero Ketrina. "Za umbonizo ndalakwa ndithu, mundikhululukire." Koma lilime lake silinali lozolowera kugona. "Kungoti mawu a mbale aja munati munawamva nokha."

A Eneya anayang'ana mitengo yopanda masamba, anayang'ana nsapato zawo.

"Imeneyo tisaikambe," anatero.

Analowa mupaki. Panalibe anthu, kupatula mayi wina wokankha mwana pangolo, atamukuta ndi pulasitiki.

"Bwanji simunangondipempha?" anafunsa a Eneya. "Kungonena kuti bambo, tandithandizani."

"Ndinapempha. Chaka chomwe munafika ndinapempha, munati mukuzolowera kaye nyengo. Ndinapemphanso, munati muli ndi miting'i. Ndinapemphanso, munati kwanu ku Ntcheu anthu atamva angaseke. Ndinatopa n'kupempha. Kuno kulibe mtsikana wantchito, kulibe mphwanga woti n'kumutuma. Ndimachoka kuntchito makutu akulira, anthu anditukwana tsiku lonse chifukwa cha makadi awo, n'kudzapeza ntchito ina ikundidikira. Inunso mutu wanu ukundidikira. Wanga ndinkaupititsa kuti?"

"Inunso umakuwawani?"

"Unkandiwawa musanayambe inu."

A Eneya anachepetsa liwiro.

"Ndinadziwa tsiku loyamba kukusisitani," anatero chapansipansi. "M'mapewamo munali ngati mwasungamo miyala. Anga aja dokotala anawadina sanafikepo. Ndinachita mantha. N'chifukwa chake Dave ataseka sindinasiye."

Ketrina analowetsa dzanja lake m'thumba la jekete yawo, mmene munali dzanja lawo, chinthu chimene ku Blantyre sakanachita pamsewu.

"Koma tigwirizane," anatero a Eneya, mawu a mlembi atabwerera. "Mbale ndipitiriza. Pasinki paja palibe amene amanditumizira uthenga, ndipo munthu umaona chomwe wagwira. Kusisita ndipitiriza, koma tizisinthana, chifukwa nanenso mapewa ndili nawo. Kusita ndasiya."

"Malaya anu okha muzisita."

"Malaya anga okha. Ndipo inu kuyambira lero muzituluka nafe madzulo. Mukamve nokha nkhani za sitima."

"Nanga abambo a kutchalitchi muwauza chiyani?"

"Imeneyo ndikuiganizira," anatero a Eneya. "Munthu wa Mulungu sasiya bodza likuyenda. Loweruka ndiima, ndikonza."

Madzulo a tsiku lomwelo, atatha kudya, a Eneya ali pasinki manja ali thovu lokhalokha, foni yawo inalira isanalowe m'dirowa. Anali a Dunstan. Ketrina anaiyankha n'kuiika pamwamba pa firiji kuti onse azimva.

"Achimwene, pepani ndakuvutitsani," anatero a Dunstan, mawu ali ofooka. "Ndimati ndifunse za mankhwala aja. Ine ndatsuka mbale mokhulupirika, osadumphitsa, koma mutu ukundiwawabe. Kodi pali pomwe ndikulakwitsa?"

Ketrina anayang'ana amuna ake. Mpata wokonza uja unali utabwera wokha, osadikira Loweruka. A Eneya anatsokomola, anapukuta dzanja limodzi pa thaulo.

"A Dunstan, madzi mukumwa?"

"Pang'ono."

"Muzimwa. Khofi?"

"Ameneyo ndiye wambiri, poti ndimagwira usiku."

"Muchepetse. Mukuyenda? Mukupuma mmene ndinaonetsera? Foni mukuisiya?"

"Zimenezo ndinaona ngati n'zongowonjezera. Ndinagwira chachikulucho."

"Ayi, achimwene, zimenezo ndiye mwini nkhani. Muziyambe mawa. Ndipo mutu wa munthu wina si wa mnzake. Mupite kuchipatala akakuyezeni magazi ndi maso, musamangomvera ine."

"Ndamva. Ndiye mbalezi ndisiye kaye?"

Madzi ankadontha pampopi. Ketrina anaona amuna ake akuyang'ana kudenga, milomo ikugwedera ngati munthu amene akukambirana ndi chikumbumtima chake, ndipo chikumbumtimacho chikugonja.

"Mapoto mukutsuka?" anafunsa a Eneya.

"Mapoto amatsuka mayi."

"Ndi pamenepo. Mbale zokha n'zopepuka, sizifika kumapewa. Muyambe mapoto, makamaka opserera."

"Zikomo kwambiri, achimwene. Mulungu akudalitseni."

Foni itaduka, Ketrina anali atakhala pansi penipeni, msana utatsamira kabati, atagwira nthiti. A Eneya anabwezera manja m'madzi.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Misozi nayenso ndi munthu."

Loweruka kugulu la abambo a Eneya anaimadi, koma anangowerenga zomwe anakambirana msonkhano wapitawo, n'kukhala pansi. Lamulungu lake a Dunstan anabwera kutchalitchi ndi pulasitala pachala, akuuza aliyense kuti apeza tsiku lokaonana ndi dokotala, ndiponso kuti waya wokwechera mapoto ndi woopsa kuposa mmene amaonekera. Potuluka, Misozi anadutsa pafupi ndi Ketrina osamuyang'ana, n'kumugwetsera kaphukusi kofunda m'chikwama.

Anakatsegula ali m'basi. Munali zitumbuwa, zokutidwa bwino mupepala, fungo la nthochi n'kudzaza mpando wonse. Ketrina anatenga chimodzi. A Eneya anatenga ziwiri.

"Zimenezitu ndi zanga," anatero Ketrina.

"Za mapoto ananena ndani?" anafunsa a Eneya, akutafuna, dzanja lili kale m'chikwama kufuna chachitatu.